Demokalase ndi chilungamo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera anthu akayamba kukambirana za ndale, kaya ndi pa siwa usiku, m'minibasi, kapena pa gulu la WhatsApp chisankho chikayandikira. Zitsanzo zambiri ndatenga za kuno ku Malawi chifukwa ndi zimene tinaziona ndi maso athu, koma pena ndapita kunja kumene nkhaniyo ikuonekera bwino.

Kodi mawu akuti demokalase amatanthauza chiyani?

Mawuwa anachokera ku Chigiriki: demos ndi anthu, kratos ndi mphamvu kapena ulamuliro. Choncho demokalase ndi ulamuliro umene mwini wake ndi anthu. Mzinda wa Athens ndiwo umatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake, zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. Kumeneko nzika zinkasonkhana pabwalo, kumva mbali zonse, kenako nkukweza manja. Koma amayi, akapolo ndi obwera sankawerengedwa ngati nzika zoyenera kuvota, ndipo iwowa ndiwo anali ochuluka mumzindawo.

Lero mayiko ndi akuluakulu, sitingakwane pabwalo limodzi, ndiye timasankha otiimirira: pulezidenti, aphungu ndi makhansala. Malamulo oyendetsera dziko lathu, mu gawo 12, amanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a ku Malawi, ndipo wozigwiritsa ntchito wangosungitsidwa. Mawu akuti kusungitsidwa ndiwo mtima wa nkhani yonse. Munthu amene mwamusungitsa mbuzi sakhala mwini mbuzi. Mukaifuna amabweza, ndipo ikawonda mumamufunsa.

Kodi demokalase ndi matipate ndi chinthu chimodzi?

Ambirife timaziphatikiza chifukwa zinabwera tsiku limodzi. Pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa riferendamu, kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Izi zinadza pambuyo pa kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, ndi kumangidwa kwa a Chakufwa Chihana atangotsika ndege mu April chaka chomwecho.

Koma matipate ndi chipangizo chimodzi chabe. Dziko likhoza kukhala ndi zipani makumi asanu, chisankho nkumachitika zaka zisanu zilizonse, koma wailesi ya boma nkumangoyimba mbali imodzi, apolisi nkumamanga otsutsa okha, mavoti nkumawerengedwa mumdima. Kuti tinene kuti pali demokalase pafunika kuti munthu athe kulankhula osaopa, amve nkhani kuchokera mbali zosiyanasiyana, voti yake iwerengedwe monga anaiponyera, ndipo wolamulira akagonja achoke.

Makolo athu analibe mavoti. Kodi ndiye kuti analibe demokalase?

Analibe bokosi la mavoti, koma anali ndi bwalo. Mfumu yanzeru sinkagamula mlandu yokha m'nyumba. Inkakhala ndi nduna zake, wodandaula nkulankhula, wodandauliridwa nkuyankha, ankhoswe ndi mboni nkuikapo mawu, ndipo mfumu inkalankhula pomalizira. Nchifukwa chake timati mutu umodzi susenza denga. Mfumu yankhanza anthu ankatha kuithawa nkukamanga mudzi kwina, ndipo kumeneko kunali kuvota ndi miyendo.

Chochititsa chidwi nchakuti pabwalo cholinga sichinali kuwerenga manja. Cholinga chinali kukambirana mpaka wogonja naye aone kuti wamvedwa, chifukwa mawa adzakumana pa chitsime ndi amene wamugonjetsa. Pamenepa makolo anatiposa. Komabe tisakometse zonse: ufumu unkayendera magazi, achinyamata ndi akapolo analibe mawu olimba, ndipo woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwavi mudzi wonse ukuonerera.

Tikamati "ambiri", ndi angati kwenikweni?

Funso looneka lophwekali linatenga zaka zoposa makumi awiri kuti liyankhidwe kuno kwathu. Gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko limati pulezidenti asankhidwe ndi ambiri mwa ovota. Kwa nthawi yaitali tanthauzo lake linali lakuti amene waposa anzake wapambana, ngakhale ndi voti imodzi. Motero a Bakili Muluzi analowa m'boma mu 1994 ndi mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, a Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi pafupifupi 36, ndipo a Peter Mutharika mu 2014 ndi pafupifupi 36. Taganizani bwino: pa anthu khumi amene anaima pamzere padzuwa, asanu ndi mmodzi anavotera wina, koma tinkanenabe kuti "ambiri alankhula".

Pa 3 February 2020 khothi linagamula kuti "ambiri" akutanthauza oposa theka la mavoti onse oponyedwa, zomwe timazitcha 50+1. Khothi la Suprimu linavomereza chigamulochi pa 8 May 2020. Pa chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020 a Lazarus Chakwera anapeza mavoti oposa 58 pa 100 alionse.

Kwa aphungu ndi makhansala lamulo lakale lija likadalipo. M'dera lomwe mwaima anthu khumi ndi awiri, munthu akhoza kupita ku Nyumba ya Malamulo atavoteredwa ndi mmodzi mwa anthu anayi alionse. Ndiye musanafunse ngati ambiri amachita chilungamo, yambani mwafunsa ngati amene akulankhula m'dzina la ambiriwo alidi ndi ambiri kumbuyo kwawo.

Ngati anthu ambiri agwirizana pa chinthu, si ndiye kuti chinthucho ncholungama?

Ayi. Voti imatiuza chimene anthu ochuluka akufuna tsiku limenelo. Siitiuza ngati chimene akufunacho chili chabwino. Kuwerenga mitu ndi ntchito ina, kuyeza mlandu ndi ntchito inanso.

Anthu a ku Athens omwe aja anaziona okha. M'chaka cha 428 Yesu asanabadwe, mzinda wa Mytilene unawagalukira. Atawugonjetsa chaka chotsatira, msonkhano wa nzika unavota mokwiya kuti amuna onse a mumzindawo aphedwe, amayi ndi ana agulitsidwe ukapolo. Chombo chinanyamuka kukapereka lamulolo. Kutacha mitima inatsika, anasonkhananso, anavotanso, ndipo ulendo uno ochuluka pang'ono anakana. Chombo chachiwiri chinapalasa usana ndi usiku nkukafika lamulo loyamba lija litawerengedwa kale koma lisanachitidwe. Anthu ake omwewo, nkhani yake yomweyo, masiku awiri, zigamulo ziwiri zotsutsana. Ngati ambiri salakwa, ndi tsiku liti limene analondola? Ndipo patapita zaka zosakwana makumi atatu, mu 399, bwalo la nzika pafupifupi 500 mumzinda womwewo linavota kuti mphunzitsi wotchuka Socrates aphedwe chifukwa cha zimene ankaphunzitsa achinyamata.

Chitsanzo china ndi cha dziko la Switzerland, lomwe limatchuka ndi mariferendamu. Mu 1959 amuna a m'dzikolo anafunsidwa ngati amayi aloledwe kuvota pa zisankho za dziko lonse. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anakana. Mavoti anawerengedwa bwinobwino, panalibe kubera, koma amayi anakhalabe kunja mpaka 1971. M'chigawo china chaching'ono chotchedwa Appenzell Innerrhoden amuna anapitiriza kukana mpaka 1990, ndipo linachita kuwakakamiza ndi khothi.

Kuno kwathu tili ndi nkhani ya a Mboni za Yehova. Boma linawaletsa mu 1967, makamaka chifukwa chokana kugula makhadi a chipani. Mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, anachotsedwa ntchito, ena anaphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Nzoona kuti nthawi imeneyo kunalibe demokalase, koma tisadzinamize kuti zonsezi ankachita ndi a Payoniya ndi a Youth League okha. Anthu wamba ochuluka ankaona kuti a Mboni akudzifunira okha mavuto, ndipo kukanakhala voti m'midzi ina sindikhulupirira kuti a Mboni akanapambana. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Iwo anali ochepa mu 1972 ndipo ndi ochepabe lero. Chimene chinasintha si chiwerengero chawo, koma lamulo lonena kuti chikhulupiriro cha munthu sichivoteredwa.

Nanga gulu likagwira wakuba pamsika nkumutentha, si anthu alankhula?

Funsoli limandiwawa chifukwa ndimalimva kwa anthu abwinobwino, otopa ndi kuberedwa, amene aonapo wakuba akumangidwa Lolemba nkutuluka Lachitatu. Kutopa kwawoko ndi koona. Koma gulu la pamsika silifunsa mboni, silimva mbali ya wogwidwayo, ndipo likalakwitsa silingabweze. Wina angofuula kuti "wakuba!" basi, ndipo amene amathamanga chifukwa cha mantha ndi amene amaoneka wolakwa.

Mu January 2016 ku Neno agogo anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira, ena chifukwa chongokhala alendo m'deralo. Pa malo onsewa ochuluka anagwirizana. Onani amene amagwa m'manja mwa gulu: nkhalamba yopanda ana oiteteza, wodwala misala, mlendo, wosauka wovala nsanza. Amene waba mabiliyoni a boma sindinamvepo atavekedwa tayala.

Demokalase si phokoso la gulu. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense woganiziridwa mlandu ufulu wotengedwa ngati wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa, ndi wokaonekera kukhothi pasanathe maola 48. Lamuloli linalembedwera ndendende munthu amene aliyense akudana naye tsikulo, chifukwa wokondedwa salifuna.

Ndiye ngati ambiri amalakwa, tikuvutikiranji kuvota?

Chifukwa ochepa nawo amalakwa, ndipo mmodzi amalakwa koposa, popanda womuuza. Njira ina tinaiyesa kale. Kuchokera mu 1966 dziko linali la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 a Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza, boma nkunena kuti inali ngozi ya galimoto. A Orton Chirwa anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992. Ku South Africa ulamuliro wa ochepa unatenga mpaka 1994 kuti uthe.

Ubwino wa voti si wakuti imasankha munthu wabwino nthawi zonse. Ubwino wake ndi wakuti tikalakwitsa tili ndi tsiku lodziwika lokonzera, popanda mfuti. Amalawi achotsapo pulezidenti wokhala pampando kudzera m'bokosi mu 1994, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025. Si mayiko ambiri muno mu Africa amene anganene zimenezi. Palinso ubwino wina umene sitiutchula kawirikawiri: tsiku lovota, voti ya mlonda ndi ya bwana wake zimalemera chimodzimodzi. Palibe malo ena m'moyo wathu pomwe awiriwa amafanana chonchi.

Ndi zinthu ziti zimene mavoti sangazichotse?

Zili mu Chaputala IV cha malamulo oyendetsera dziko, chomwe chimanena za ufulu wachibadwidwe. Maufulu ambiri akhoza kuchepetsedwa, koma pokhapokha ngati pali lamulo lolembedwa, chifukwa chake chili chomveka, ndipo kuchepetsako nkofunikadi m'dziko la demokalase. Pali ena ochepa amene saloledwa kukhudzidwa ngakhale dziko litakhala pangozi: munthu asazunzidwe, asagwidwe ukapolo, asamangidwe pa chinthu chimene sichinali mlandu tsiku limene anachichita, asalandidwe ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo.

Gawo 5 limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi malamulo aakuluwa nchopanda mphamvu. Tanthauzo lake ndi lakuti ngakhale aphungu onse atavomera ndi mawu amodzi, khothi likhoza kunena kuti lamulolo lagwa. Zinachitikapo mu January 2017 pa lamulo la vakabu, lija la atsamunda limene apolisi ankagwirira aliyense woyenda usiku. Amene anakadandaula anali venda amene anagwidwa mbandakucha ku Blantyre akupita kukagulitsa malonda ake. Khothi Lalikulu linapeza kuti ndime imeneyo ikuphwanya ufulu wa anthu. Mu May 2023 Khothi Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rasta asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Makolo ochuluka akanafunsidwa mwina akanati amete basi. Koma sukulu ya boma si ya makolo ochuluka okha.

Oweruza asanu amene sitinawavotere angafafanize bwanji mavoti a anthu mamiliyoni?

Funsoli linafunsidwa kwambiri mu 2020, ndipo si lachibwana. Pa chisankho cha pa 21 May 2019 bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Chakwera 35.41, a Saulos Chilima 20.24. A Chakwera ndi a Chilima anapita kukhothi. Oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, anamva umboni kwa miyezi ingapo. Anaona mapepala a zotsatira opakidwa Tippex, ena olembedwa pa mapepala obwereza m'malo mwa enieni, ena opanda saini yoyenera. Chigamulo chawo chinali cha masamba pafupifupi 500 ndipo chinawerengedwa tsiku lonse anthu akumvera pa wailesi.

Chofunika kumvetsa nchakuti oweruzawo sananene kuti wapambana ndi uje. Ananena kuti kuchokera pa mapepala amenewa palibe angadziwe chimene anthu anasankha, choncho anthu afunsidwenso. Sanalande voti m'manja mwa anthu, anaibweza m'manja mwawo. Ku Kenya khothi linachitanso chimodzimodzi mu 2017.

Koma pali milandu ina imene khothi limatsutsanadi ndi maganizo a ochuluka maso ndi maso. Mu June 1995 khothi loona za malamulo aakulu ku South Africa linathetsa chilango cha imfa, likudziwa bwino lomwe kuti anthu ambiri m'dzikolo ankachifuna. Maganizo a oweruzawo anali akuti ngati funso lililonse liyankhidwa ndi zimene ochuluka akufuna, ndiye malamulo aakulu alibe ntchito, chifukwa Nyumba ya Malamulo imachita kale zimenezo. Mukhoza kusagwirizana nawo pa nkhani ya chilango cha imfa, ndipo ambiri sagwirizana nawo mpaka lero. Koma chifukwa chomwe sitivotera oweruza ndi chomwechi: woweruza wofuna mavoti chaka chamawa sangamasule munthu wosalakwa amene mudzi wonse ukumuda.

Kodi ndiye kuti makhothi salakwa?

Amalakwa. Tanthauzo la "ambiri" limene linakanidwa mu 2020 linaperekedwa ndi Khothi la Suprimu lomwelo pa mlandu wa chisankho cha 1999. Milandu imachedwa zaka, anthu amakhala pa rimandi nthawi yaitali kuposa chilango chimene akanalandira, ndipo wopanda ndalama ya loya amalowa m'khothi ngati mlendo. M'nthawi ya chipani chimodzi makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya kupha ndi youkira boma popanda maloya, ndipo ndiwo anaweruza a Orton ndi a Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983. Kusiyana kwa khothi ndi gulu ndi kwakuti khothi limalemba zifukwa zake, aliyense nkutha kuziwerenga, kuzitsutsa, ndi kuchita apilo.

Chipani chikakhala ndi aphungu ochuluka kwambiri, chingasinthe malamulo mmene chikufunira?

Lamulo wamba limadutsa ndi aphungu oposa theka. Kusintha malamulo oyendetsera dziko kumafuna awiri mwa atatu alionse a Nyumba yonse, ndipo magawo ena, kuphatikizapo a ufulu wachibadwidwe, amafunanso riferendamu ngati kusinthako kukukhudza tanthauzo lake. Mipanda imeneyi inaikidwa dala kuti kupambana chisankho chimodzi kusakhale chiphaso chokhala pampando mpaka kalekale.

Mpandawo unayesedwa pa 4 July 2002. Bilu yochotsa malire a materemu awiri a pulezidenti inapeza mavoti 125, otsutsa 59. Ochuluka anavomera, ndipo anali ochuluka ndithu, koma pankafunika 128. Inagwa ndi mavoti atatu. Kukanakhala kuti lamulo ndi lakuti oposa theka ndiwo basi, mbiri ya dziko lino ikanayenda njira ina. Kuyesa kwachiwiri, kwa teremu yachitatu, kunatha mu 2003 mipingo, mabungwe ndi anthu wamba atakana kwamtuwagalu.

Chitsanzo cha mbali inayo ndi cha 2009. A Bingu wa Mutharika anapambana ndi pafupifupi 66 pa 100 alionse, chiwerengero chachikulu kuposa cha pulezidenti wina aliyense chibwerere matipate, ndipo chipani chawo chinadzaza Nyumba ya Malamulo. Ambiri anasangalala kuti kukokanakokana kwa teremu yoyamba kwatha. M'zaka ziwiri zotsatira Nyumbayo inadutsitsa kusintha mbendera, lamulo lopatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala, ndi lamulo lovutitsa anthu kutenga chiletso cha khothi chotsutsana ndi boma. Zonsezi zinadutsa ndi mavoti okwanira. Pa zionetsero za pa 20 July 2011 anthu 20 anaphedwa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Malamulo amenewa anachotsedwa mu 2012, ndipo ambiri mwa aphungu amene anakweza manja powachotsa ndi omwewo anakweza manja powaika.

Kunja chitsanzo choopsa ndi cha Germany. Mu March 1933 nyumba ya malamulo inavota 444 kwa 94 kupatsa Adolf Hitler mphamvu yopanga malamulo popanda iyo, aphungu ena otsutsa ali kale m'ndende. Chisankho chaufulu sichinachitikenso kufikira nkhondo itatha.

Kodi ndiye kuti ochepa ndiwo amakhala olondola?

Ayi, ndipo apa tisapotoze. Wogonja pa chisankho choyenda bwino wagonja, ayembekeze ulendo wina. Pa nkhani za msonkho, za feteleza wotsika mtengo, za komwe msewu udutse, ochuluka ndiwo agamule, ngakhale ena tikuona kuti alakwitsa. Ochepa alibe ufulu wolamulira. Ali ndi ufulu wokhala moyo, wolankhula, wopembedza, wosonkhana, ndi woyesa kukopa anzawo kuti mawa akhale ochuluka. Ndipo "ochepa" ena ndi olemera amene amabisala kuseri kwa malamulo kuti ateteze zimene analanda. Amenewo si amene tikuwanena pano.

Bwanji anthu amavota potsata chigawo kapena mtundu? Kodi zimenezi zimaononga chiyani?

Mapu a zotsatira za 1994 aliyense amawadziwa: Kumpoto a Chihana, Pakati a Banda, Kummwera a Muluzi. Ngakhale pa riferendamu ya 1993 maboma ambiri a m'chigawo chapakati anavotera tambala. Anthu sachita izi chifukwa cha umbuli. Amachita chifukwa anaona kuti ntchito, makontilakiti ndi misewu zimatsata kwawo kwa wolamulira, ndiye kuvotera "wathu" kumaoneka ngati kudziteteza.

Vuto lake ndi ili. Demokalase imayenda bwino ngati ochuluka a lero akhoza kukhala ochepa mawa. Mlimi amene anavotera boma chaka chino akhoza kulikana feteleza akakwera mtengo. Koma ngati voti ikutsata mtundu, chisankho chimasanduka kalembera, ndipo mtundu wochepa umadziwa kuti ugonja mpaka muyaya. Munthu wotere umamuuza bwanji kuti alemekeze zotsatira? Ku Rwanda, kwa zaka zambiri isanafike 1994, olamulira ankaphunzitsa kuti demokalase ndi ulamuliro wa mtundu wochuluka, ndipo mathero ake tonse tikuwadziwa.

Lamulo la 50+1 limathandizako pang'ono, chifukwa palibe chigawo chimene pachokha chingapereke theka la mavoti a dziko lonse. Wofuna mpando ayenera kukapempha kwa eni dera lina. Koma mgwirizano wa atsogoleri pa nsanja si mgwirizano wa anthu, ndipo tinaona mmene migwirizano yotere imathera chisankho chikangodutsa.

Anthu amati "demokalase sitidya". Kodi akunama?

Sakunama. Mayi amene wagona pamzere wa chimanga ku ADMARC sangakhute ndi gawo 12. Ndipo njala imaononga voti yeniyeniyo: munthu wanjala akapatsidwa nsalu, sopo ndi kandalama pa msonkhano, voti yake yagulidwa motchipa. Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa mphatso zotere pa nthawi ya kampeni, koma aliyense amene anapitako ku msonkhano wa ndale akudziwa mmene zimakhalira galimoto zikamanyamuka.

Chimene ndimakana ndi mawu otsatira, akuti bola nthawi ya chipani chimodzi. Nthawi imeneyo njala inaliko, koma kuitchula kunali mlandu. Kalata ya maepiskopi ija inanena za umphawi, malipiro ochepa, kusowa kwa mankhwala ndi mabuku, ndipo chifukwa cha zimenezo anaitcha youkira boma, wopezeka nayo nkumangidwa. Lero mukhoza kuimbira foni pa wailesi nkunena kuti kwathu kulibe chimanga, mtolankhani nkupita kukajambula. Zimenezi sizidzaza nkhokwe, koma boma limene likudziwa kuti anjalawo adzavota limachita manyazi msanga kuposa limene silidzafunsidwa.

Amene ndinamuvotera anagonja, kapena anapambana nkundiiwala. Ndingachite chiyani chisankho china chisanafike?

Poyamba malamulo athu anali ndi gawo 64 lolola anthu kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995. Nyumba ya Seneti, yomwe ikanakhala ndi mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, inachotsedwa m'malamulo mu 2001 isanakhalepo nkomwe. Makhansala atatha nthawi yawo mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Gawo 65, loletsa phungu kusintha chipani osabwerera kwa omuvotera, lilipo koma lagwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo. Zonsezi zinachitika ndi manja a anthu osankhidwa ndi ambiri, ndipo zonse zinachepetsa mphamvu ya ambiri omwewo. Onaninso yankho la funso lonena za aphungu ochuluka.

Zotsala m'manja mwanu ndi izi. Phungu ndi khansala ndi anu ngakhale simunawavotere, ndipo muli ndi ufulu wowafunsa za ndalama za chitukuko cha dera, za CDF, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) kapena pamaso. Misonkhano ya khonsolo si yachinsinsi. Zionetsero zamtendere ndi ufulu, ndipo lamulo limafuna kuti mudziwitse a DC, osati kupempha chilolezo. Ofesi ya boma ikakulakwirani mukhoza kudandaula kwa Ombudsman kwaulere, nkhani za ufulu wachibadwidwe zimapita ku Malawi Human Rights Commission, ndipo wopanda ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau. Kuyambira pa 30 September 2020 lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma likugwira ntchito, kotero mukhoza kulemba kalata ku khonsolo kufunsa kuti mlatho wa kwanu unadya ndalama zingati ndipo kontilakitala anali ndani. Lembani makope awiri, apatseni imodzi, inayo akudindireni tsiku limene alandira.